Madokotala akamapakira katundu: mafunso ndi mayankho pa za kutseka chipatala cha pangozi m'mayiko akunja

Kukabuka nkhondo, mliri kapena chivomerezi, timaona pa kanema ndege zikutera, matenti akukhomedwa, madokotala achilendo akuthamanga ndi ana m'manja. Tsiku limene anthu omwewo amazula matenti aja n'kubwerera kwawo, atolankhani amakhala atapita kale kwina. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza zimene zimatsala mamewo akakamuka: odwala, antchito, mankhwala, ngakhale maenje a zinyalala.

Mayankho ambiri atsamira pa zimene zidachitika ku Somalia mu 2013, chifukwa kumeneko kutseka kudali kwakukulu komanso kowawa. Pena ndi pena tapatukira ku Afghanistan, Sudan ndi mayiko a kuzambwe kwa Africa omwe adavutika ndi Ebola.

Kodi ku Somalia kudachitika zotani kwenikweni?

Pa 14 Ogasiti 2013, bungwe la madokotala othandiza pa ngozi la Médecins Sans Frontières, lodziwika kuti MSF, lidalengeza kuti likutseka ntchito zake zonse m'dziko la Somalia. Zonse ndithu: ku Mogadishu, Afgooye, Jowhar, Kismayo, Marere, Galkayo, ngakhalenso ku Burao m'chigawo cha Somaliland, kumene kudali bata poyerekeza ndi kummwera. Bungweli lidalowa m'dzikolo mu 1991, chaka chimene boma la Siad Barre lidagwa, ndipo lidakhalamo zaka 22, nkhondo ili mkati, chilala chikubwerezabwereza.

Dzenje limene lidatsala silidali laling'ono. MSF idali ndi antchito pafupifupi 1,500 m'dzikomo. M'chaka cha 2012 chokha, odwala adaonedwa maulendo oposa 624,000, anthu 41,100 adagonekedwa m'zipatala, ana onyentchera 30,090 adalandira chisamaliro, ndipo ana 7,300 adabadwira m'manja mwa azamba a bungweli. M'madera ena mudalibe chipatala china chilichonse chopitako. Tisaiwalenso kuti dzikolo lidali litangotuluka kumene m'njala ya 2011, imene idapha anthu pafupifupi 260,000, theka lawo ana osakwana zaka zisanu, ndipo m'chaka chomwecho cha 2013 kudali kutabukanso poliyo.

Nkhondo idalipo kuyambira kale. Chidasintha n'chiyani kuti achoke pamenepa?

Kuyambira 1991 mpaka 2013, antchito 16 a MSF adaphedwa ku Somalia, koma chiwerengero chokha sindicho chidawachotsa. Mu Okutobala 2011, amayi awiri a ku Spain ogwira ntchito ndi bungweli adagwidwa ndi anthu a mfuti kumsasa wa othawa kwawo wa Dadaab ku Kenya, n'kuwatengera ku Somalia, kumene adasungidwa miyezi 21 mpaka Julayi 2013. Mu Disembala 2011, antchito awiri, wina wa ku Belgium wina dokotala wa ku Indonesia, adawomberedwa ku Mogadishu. Wowaphayo adazengedwa mlandu n'kulamulidwa kukhala kundende zaka 30, koma patangotha miyezi itatu adatulutsidwa.

Apa ndi pamene padagona nkhani. Pulezidenti wa bungweli panthawiyo, Dr Unni Karunakara, adafotokoza kuti magulu a mfuti komanso atsogoleri a m'madera, omwewo amene bungweli linkakambirana nawo za chitetezo, ndiwo adafika pololera, kubisa kapenanso kuthandizira kupha ndi kugwira antchito othandiza anthu. Chipatala cha m'dera la nkhondo sichitetezedwa ndi mpanda. Chimatetezedwa ndi mawu a eni dera, akuti: awa asiyeni, amathandiza ana athu ndi ana a adani athu omwe. Mawu amenewo akasanduka mphepo, ndiye kuti chitetezo chatha, kaya pachipata pali alonda angati.

Onaninso nthawi yake. Adalengeza za kuchoka patangopita mwezi umodzi amayi aja atamasulidwa. Anzako ali m'manja mwa anthu a mfuti, suyankhula zonse zimene zili kukhosi.

Sakadangolemba alonda a mfuti, kapena kuyendetsa ntchito ali kutali?

Zonse ziwirizi adaziyesa. Ku Somalia MSF idalolera kugwiritsa ntchito alonda a mfuti, chinthu chimene imachikana kwina konse. Vuto ndi lakuti mlonda wa mfuti amachokera ku fuko kapena gulu linalake, ndipo ukamulipira wayamba kale kudyetsa mbali imodzi ya nkhondo. Mbali inayo ikuona.

Antchito atatu ataphedwa ndi bomba la pamsewu ku Kismayo mu Januwale 2008, antchito akunja ambiri adasamukira ku Nairobi, n'kumayendera zipatala mwa apo ndi apo, ntchito ya tsiku ndi tsiku ili m'manja mwa Asomali eni ake. Njira imeneyi idapulumutsa miyoyo yambiri, koma ili ndi chilema chake: ngozi siichoka, imangosamukira pamutu pa namwino wa m'dzikomo, amene tsopano ndiye ayenera kukaniza mkulu wa zigawenga akafuna galimoto, mafuta kapena ntchito ya mphwake. Komanso uli kutali sungatsimikize kuti mankhwala akufika kwa wodwala osati kumsika.

Kodi ntchito zotere zimatsekedwa chifukwa cha chitetezo chokha?

Ayi, ndipo kutseka kochuluka kumakhala kwa phee, kopanda wofalitsa. Mliri watha, othawa kwawo abwerera, boma layambanso kuyendetsa zipatala zake, basi gulu limanyamuka kupita kumene moto ukuyaka kwambiri. Kumeneku ndiye kutseka kumene aliyense amafuna.

Kwina amachita kupirikitsidwa. Mu Malichi 2009, khoti la milandu ikuluikulu la ku The Hague litalamula kuti pulezidenti wa Sudan, Omar al-Bashir, amangidwe, boma lake lidathamangitsa mabungwe 13 akunja, kuphatikizapo nthambi ziwiri za MSF zimene zinkagwira ntchito ku Darfur. Mu 1985 nthambi ya ku France ya MSF idachotsedwa ku Ethiopia itadzudzula boma posamutsa anthu mokakamiza nthawi ya njala. Ku Russia bungweli lidatseka ntchito mu 2024 boma litalifufuta m'kaundula wa mabungwe ololedwa.

Palinso chifukwa china chovuta kuchimeza: kuzindikira kuti thandizo lako likupindulira olakwika. Chakumapeto kwa 1994, nthambi ya ku France idatuluka m'misasa ya anthu othawa ku Rwanda poona kuti misasayo inkalamulidwa ndi anthu omwe adatsogolera kupulula Atutsi, ndipo thandizo linkawapatsa mphamvu. Nthambi zina za bungwe lomwelo zidatsalira mpaka 1995, zikunena kuti amayi ndi ana a m'misasamo alibe mlandu. Onsewo adali madokotala a bungwe limodzi, koma adasiyana maganizo, ndipo mpaka lero nkhaniyo anthu amakanganabe nayo.

Chomaliza ndi ndalama. Dziko la America litaimitsa thandizo lake la kumayiko akunja mu Januwale 2025, zipatala zambiri za mabungwe zidatsekedwa m'masiku ochepa, popanda ndondomeko iliyonse. Nafenso kuno ku Malawi tidamva nawo kuwawa kwake.

Amadziwa bwanji kuti ngozi yatha?

Pali miyeso. Anthu a ntchitoyi amati zinthu zafika pangozi ngati pa anthu 10,000 alionse pakumwalira woposa mmodzi patsiku, kapena oposa awiri pakati pa ana osakwana zaka zisanu. Imfa zikatsika n'kukhazikika pansi pa mzere umenewo kwa nthawi, amayamba kukamba zochoka.

Pa Ebola lamulo lake ndi masiku 42 popanda wodwala watsopano, kutanthauza kawiri masiku 21 amene kachilombo kamatha kubisala m'thupi munthu asadayambe kudwala. Koma miyeso imapusitsa. Dziko la Liberia lidalengezedwa kuti lathana ndi Ebola pa 9 Meyi 2015, anthu adavina m'misewu, koma pofika kumapeto kwa Juni matendawo adatulukiranso. Kachilomboka kamatha kukhala miyezi yambiri mu umuna wa mwamuna yemwe adachira. N'chifukwa chake gulu lanzeru silizula matenti onse tsiku limodzi. Limasiya kachipinda kopatulirako odwala ndi anthu ochepa odziwa kuvala zodzitetezera.

Nanga wodwala amene ali pabedi tsiku lotseka amatani?

Kutseka koyenda bwino kumayambira pachipata: amasiya kulandira odwala atsopano masabata angapo tsiku lisadafike, kuti amene ali m'kati achire n'kutuluka. Otsala amawatumiza kuchipatala china ndi kalata yofotokoza matenda awo ndi mankhwala amene akulandira. Amene adachitidwa opaleshoni, makamaka othyoka mafupa omwe ali ndi zitsulo kunja kwa mwendo, amayenera kudziwa dzina la malo ndi tsiku limene akazichotsedwe. Izi zidavuta kwambiri ku Haiti chitachitika chivomerezi cha pa 12 Januwale 2010: magulu ena adafika, kudula anthu miyendo, n'kukwera ndege patatha sabata ziwiri, osasiya kalata kapena wotsuka mabala. Manyazi a ku Haiti ndiwo adachititsa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kukhazikitsa malamulo a magulu a zachipatala a pangozi, amene amafuna kuti gulu lilowe ndi chilolezo cha unduna wa zaumoyo ndiponso lipereke lipoti pochoka.

Ovuta kwambiri ndi odwala amene sali pabedi. Wa chifuwa chachikulu amamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi. Akalekeza panjira, matenda amabwerera atalimba, osamvanso mankhwala wamba, ndipo amapatsira ena mtundu wolimbawo. Wa ma ARV amamwa moyo wonse. Wa shuga wodalira jakisoni wa insulini sangadikire mwezi. Mwana wonyentchera amene wayamba kulandira chiponde akasiyidwa pakati, amabwerera pomwe adayambira. Anthu otere amapatsidwa mankhwala a miyezi ingapo kuti apite nawo kunyumba, pamodzi ndi pepala loonetsa kumene akapitirize. Koma tinene zoona: kumadera ena a ku Somalia pepalalo likadaloza kumalo kumene kulibe. Pamenepo palibe ndondomeko imene ingabise chilungamo chakuti anthu ena adzamwalira chifukwa chipatala chatsekedwa, ndipo MSF yomwe idavomereza zimenezi polengeza.

Amati "tapereka ntchito m'manja mwa boma". Zimatanthauza chiyani, ndipo bwanji nthawi zambiri siziyenda?

Zimatanthauza kuti unduna wa zaumoyo, kapena bungwe lina, likutenga nyumba, zipangizo, odwala ndipo mwina antchito. Pamasainidwa mgwirizano, pamakhala mwambo, makiyi amaperekedwa, anthu amaomba m'manja.

Mavuto amayamba mwezi wotsatira. Chipatala cha bungwe chimakhala ndi jenereta yosazima, madzi a pampopi, mankhwala osatha, anamwino okwanira olandira malipiro pa nthawi yake, ndipo zonse ndi zaulere. Boma la dziko losauka limalandira nyumba ija popanda ndalama zoyendetsera. Mafuta a jenereta akatha, firiji ya katemera ndi magazi imazima. Makina akawonongeka, chitsulo chake chimapezeka ku Ulaya kokha. Anamwino aluso amapita kumene kuli malipiro. Kenako pakhomo pamaikidwa mtengo, ndipo mayi wosauka amabwerera kukachirira kwa azamba a kumudzi.

Cholakwa sichikhala cha boma lokha. Bungwe limene lamanga chipatala choti mwini dziko sangachikwanitse, lidalakwitsa pa tsiku loyamba. Amene amaganiza za kuchoka akadali kufika amagwiritsa ntchito mankhwala a pamndandanda wa boma, mabuku olembera a boma, ndipo amaphunzitsa antchito a boma m'malo mowalanda.

Kupereka kumatheka ngati wolandirayo ali ndi kumene angapeze ndalama. Chitsanzo tili nacho pakhomo: MSF idayamba kupereka ma ARV ku Chiradzulu mu 2001, pamene ambiri ankati kumudzi sizingatheke. Boma la Malawi litayamba kupereka mankhwalawa mwaulere mu 2004 ndi thandizo la Global Fund, thumba la ndalama la padziko lonse lolimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo, kudapezeka wolandira mtolowo, ndipo ntchito idasamutsidwa pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Ku Somalia mu 2013 kudalibe boma lofika kumadera ambiri, ndipo nthawinso padalibe.

Antchito a m'dzikomo zimawathera bwanji?

Funso ili limafunsidwa mochedwa, chonsecho ndilo lidayenera kukhala loyamba. Pa antchito khumi alionse a MSF, oposa asanu ndi atatu amakhala olembedwa m'dziko momwemo: anamwino, azamba, madalaivala, alonda, ophika, okolopa. Wakunja ntchito ikatha amakwera ndege, amakapuma, amakaonana ndi alangizi a zamaganizo, kenako amatumizidwa kudziko lina. Wa m'dzikomo amalandira kalata yothetsa ntchito.

Bungwe la ulemu limatsata malamulo a ntchito a dzikolo, limauza anthu nthawi ikadalipo, limalipira ndalama zonse za pochoka, limapereka makalata a umboni wa ntchito ndi maphunziro amene munthu adachita, ndipo limawalankhulira kwa mabungwe ena. Komabe malipiro a munthu mmodzi m'dera la nkhondo amadyetsa makomo angapo, ndiye antchito 1,500 akachotsedwa pamodzi, msika wonse umamva. Palinso mantha: amene ankagwira ntchito ndi alendo angathe kuonedwa ngati kazitape alendowo akapita, kapena kuganiziridwa kuti watsala ndi ndalama. N'chifukwa chake masiku otseka ndi ena mwa masiku oopsa kwambiri pa ntchito yonse. Munthu amene wamva kuti mawa alibe ntchito, mfuti zili ponseponse, si wofunika kumuuza nkhaniyo mwachipongwe.

Galimoto, makina ndi mankhwala otsala zimapita kuti?

Zambiri zimaperekedwa ku unduna kapena kuzipatala zoyandikana, ndi kalata yosainirana kuti mawa wina asadzanene kuti zidabedwa. Galimoto zimene zidalowa popanda msonkho sizingagulitsidwe wamba popanda chilolezo cha otolera misonkho. Mawailesi olankhulirana ndi mafoni a setilaiti amachoka nawo, ndipo zizindikiro za bungwe zimamatulidwa pa galimoto iliyonse yotsala, kuopa kuti anthu a mfuti angayendemo akudzionetsa ngati achipatala.

Mankhwala ndiwo amafuna mutu. Oletsa ululu amphamvu monga morphine amawerengedwa botolo ndi botolo pamaso pa akuluakulu a boma. Otha mphamvu amawotchedwa moyenera. Kusiyira anzako mankhwala oti atha mwezi wamawa si mphatso, ndi kuwatayira zinyalala pakhomo. Ku Bosnia, pa nkhondo ya 1992 mpaka 1995, kudaunjikana matani pafupifupi 17,000 a mankhwala operekedwa amene sakadagwiritsidwa ntchito, ndipo kuwawononga kokha kudafuna ndalama zankhaninkhani. Malangizo a WHO pa zopereka zotere amati mankhwala azifika atatsala ndi chaka chathunthu asadathe mphamvu.

Chipatala cha Ebola kapena kolera chimaphwasulidwa bwanji?

Mosamala ngati mmene chidamangidwira. Pa Ebola, malo onse amene munkagona odwala amapoperedwa madzi a klorini wamphamvu, wa 0.5 peresenti, ndipo opoperawo amavala zodzitetezera zonse ngati kuti odwala akadali momwemo. Matiresi, mapulasitiki a matenti ndi chilichonse chosatheka kutsuka chimawotchedwa. Zimbudzi ndi maenje a zinyalala amakwiriridwa, dzenje la masingano limatsekedwa ndi simenti, ndipo mwini malo amapatsidwa mapu oonetsa pamene pali chiyani, kuti mtsogolo wina asadzakumbe chitsime pamenepo. Manda amalembedwa bwino kuti abale adzadziwe pamene padagona wawo, chifukwa ambiri pa mliri wa 2014 mpaka 2016, umene udapha anthu oposa 11,300 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, sadaone nkhope ya m'bale wawo poikidwa.

Ntchito siithera pa moto. Ochira Ebola ambiri amatsala ndi vuto la maso, kuphwanya kwa mafupa ndi kusalidwa kumudzi, choncho zipatala zowasamalira zidapitirira matenti atazulidwa kale.

Mafaelo a odwala amasiyidwa?

Zimatengera amene adzawawerenge. Kalata ya wodwala chifuwa chachikulu iyenera kupita kwa amene adzapitirize kumuthandiza. Koma kaundula wa amayi ogwiriridwa, kapena wa anyamata amene adabwera ndi mabala a zipolopolo, akagwa m'manja mwa asilikali angaphetse anthu. Mafaelo otere amatulutsidwa m'dziko kapena kuwonongedwa, ndipo makompyuta amafufutidwa.

Ndalama zimene anthu adapereka zikatsala, zimabwezedwa?

Za maboma ndi mabungwe akuluakulu zimakhala ndi mgwirizano wake, ndipo zotsala zimabwerera. Za anthu wamba zimadalira zimene adalonjezedwa popereka. Madzi a m'nyanja atasefukira ku Asia pa 26 Disembala 2004, MSF idalandira ndalama zoposa zimene ntchito yake kumeneko inkafuna. Patangopita masiku ochepa idauza anthu kuti asiye kupereka za tsokalo, ndipo idapempha amene adapereka kale kuti alole ndalama zawo zikathandize kwina; okana adabwezeredwa. Mabungwe ena adakwiya nazo, poopa kuti anthu atseka matumba.

Kodi anthu a m'deralo amauzidwa liti?

Pamene kuli bata, miyezi ingapo tsiku lisadafike, kudzera mwa mafumu, atsogoleri a zipembedzo ndi wailesi, ndipo amauzidwa kumene azipita. Pamene kuli nkhondo, nthawi zina amamva galimoto zitadutsa kale malire, chifukwa kulengeza msanga n'kuitana olanda katundu. Njira yachiwiriyi imasiya chilonda. Mayi amene wayenda tsiku lonse ndi mwana kumsana n'kupeza loko pachitseko sadzaiwala, ndipo bungwe lotsatira lidzalipira mkwiyo umenewo.

Tinene mosabisa: kuchoka si kutaya anthu?

Ndi kuwataya, inde, ndipo palibe chifukwa chokometsera mawu. Amene adalangidwa ndi kuchoka kwa MSF ku Somalia si amene adawombera kapena kutulutsa wakupha kundende. Adali amayi oyembekezera a ku Jowhar ndi ana a ku Marere. Ena adadzudzulanso kuti kutseka dziko lonse, ndi Somaliland yemwe, kudali kulanga osalakwa.

Komabe mbali inayo ili ndi kulemera kwake. Bungwe likapitiriza ngati palibe chachitika, limaphunzitsa anthu a mfuti kuti kupha namwino kulibe mtengo, ndipo phunzirolo limafika kumayiko ena. Mwa maganizo athu, chimene chiyenera kuweruzidwa kwambiri si kuchokako, koma mmene achokera: ngati adalipira antchito, ngati adasiyira odwala mankhwala, ngati adanena chifukwa chenicheni poyera m'malo monamizira kuti ntchito yatha bwino.

Akachoka amabwereranso?

Kawirikawiri, inde, koma sabwerera mmene adachokera. Ku Afghanistan MSF idachoka mu Julayi 2004, itakhalako zaka 24, antchito ake asanu ataphedwa m'chigawo cha Badghis. Idabwerera mu 2009. Pa 3 Okutobala 2015 ndege ya nkhondo ya America idaphulitsa chipatala chake cha ku Kunduz n'kupha anthu 42, ndipo padatenga zaka kuti chipatala cha ovulala chitsegulidwenso mumzindawo. Mu Meyi 2020 anthu a mfuti adalowa m'chipatala cha amayi oyembekezera cha Dasht-e-Barchi ku Kabul n'kuwombera amayi ali pabedi; mwezi wotsatira MSF idachokamo m'chipatalacho, ngakhale idapitiriza ntchito m'madera ena a dzikolo.

Ku Somalia idabwerera mu 2017, patatha zaka pafupifupi zinayi. Idayambira ku Galkayo, kuthandiza chipatala cha boma cha chigawo cha Mudug pa za ana onyentchera, kenako idafika ku Baidoa. Ntchitoyo idali yochepa poyerekeza ndi ya kale.